Momwe Wophunzira za Udokotala wa Mano Amadzitetezera Akafuna Kuchotsedwa Sukulu ku America

Ku United States, maphunziro a udokotala wa mano amatenga zaka zinayi m'sukulu zambiri, ndipo kawirikawiri munthu amawayamba atamaliza kale digiri yoyamba. Akatsiriza amalandira digiri ya DDS kapena ya DMD, zomwe mphamvu yake ndi imodzi. Sukuluzi zimavomerezedwa ndi bungwe la Commission on Dental Accreditation, lomwe mwachidule amati CODA. Limodzi mwa malamulo a bungweli ndi lakuti sukulu iliyonse ikhale ndi ndondomeko yolembedwa yoweruzira nkhani zokhudza maphunziro ndi khalidwe la ophunzira. Choncho wophunzira sachotsedwa chifukwa mphunzitsi mmodzi wangonena. Pali njira yoyenera kutsatidwa, ndipo wophunzira amadziteteza potsata njira yomweyo.

Mitundu iwiri ya kuchotsedwa

Sukulu imachotsa wophunzira pa chifukwa cha maphunziro kapena pa chifukwa cha khalidwe. Chifukwa cha maphunziro chimakhalapo pamene wophunzira walephera maphunziro angapo, wapatsidwa mwayi wobwereza koma walepheranso, kapena sanaonetse luso lokwanira pa ntchito ya m'kiliniki monga kumata mano, kuzula ndi kupanga mano oikirira. Chifukwa cha khalidwe chimakhalapo pamene akuganiziridwa kuti wabera mayeso, wakopera ntchito ya wina, wasaina dzina la mphunzitsi mu fayilo ya wodwala, walemba kuti wagwira ntchito imene sanaigwire, wathandiza wodwala popanda womuyang'anira, kapena waulula zinsinsi za wodwala.

Kusiyanaku n'kofunika kwambiri chifukwa malamulo sateteza wophunzira mofanana pa mitundu iwiriyi. Pa nkhani ya khalidwe funso limakhala lakuti, kodi chinthucho chinachitikadi? Funso lotere limayankhidwa ndi umboni ndi mboni. Pa nkhani ya maphunziro funso limakhala lakuti, kodi munthuyu wafikapo pa msinkhu woti n'kumusiyira pakamwa pa wodwala? Apa makhothi amati aphunzitsi ndiwo akudziwa bwino. Pakati pa ziwirizi pali nkhani za makhalidwe oyenera dokotala, monga kusunga nthawi, ukhondo ndi kalankhulidwe kwa odwala. Zimenezi zimaoneka ngati za khalidwe, koma nthawi zambiri makhothi amaziwerengera m'gulu la maphunziro.

Zimene malamulo amanena

Sukulu za boma zimamangidwa ndi gawo la malamulo aakulu a dzikolo lotchedwa Fourteenth Amendment, lomwe linakhazikitsidwa mu 1868. Gawoli limaletsa boma kulanda munthu moyo, ufulu kapena katundu popanda kutsata njira yoyenera ya malamulo. Mu 1961, pa mlandu wa Dixon v. Alabama State Board of Education, khothi la apilo linagamula kuti ophunzira a pa Alabama State College, omwe anachotsedwa atachita nawo zionetsero zotsutsa tsankho, anayenera kuuzidwa mlandu wawo ndi kupatsidwa mpata woyankha. Mu 1975, pa mlandu wa Goss v. Lopez, khothi lalikulu la dzikolo linanena kuti ngakhale mwana wa sukulu woimitsidwa kwa masiku osapitirira khumi ayenera kudziwitsidwa chifukwa chake ndi kumvedwa mbali yake.

Pa nkhani ya maphunziro, khothi lomwelo linaima kumbali ya sukulu. Mu 1978 linagamula mlandu wa Charlotte Horowitz, wophunzira za udokotala pa University of Missouri ku Kansas City, yemwe anachotsedwa m'chaka chake chomaliza chifukwa aphunzitsi sanakhutire ndi ntchito yake pa odwala. Sukulu inali itamuchenjeza, kenako inapempha madokotala asanu ndi awiri kuti amuunike, ndipo awiri okha ndiwo anati ndi woyenera kumaliza. Khothi linati iye anadziwitsidwa mokwanira za zofooka zake, chigamulo chinapangidwa mosamala, ndipo panalibe chifukwa chokhalira bwalo ngati la mlandu. Mu 1985, pa mlandu wa Scott Ewing wa pa University of Michigan, yemwe anakanizidwa kulembanso mayeso a dziko lonse atawalephera, khothi linati woweruza sangasinthe chigamulo cha aphunzitsi pokhapokha chitapatuka kwambiri pa zimene zimavomerezeka m'maphunziro, mpaka kuonetsa kuti sanagwiritse ntchito ukatswiri wawo. Milandu iwiriyi inali ya sukulu za udokotala, koma makhothi amaitsatanso pa sukulu za mano.

Sukulu zomwe si za boma sizimangidwa ndi gawo lija la malamulo aakulu. Kumeneko ubale wa wophunzira ndi sukulu umaonedwa ngati mgwirizano, ndipo mfundo zake zili m'buku la malamulo a ophunzira. Sukulu ikalumpha zimene inalemba yokha m'bukumo, wophunzira akhoza kunena kuti yaphwanya mgwirizano.

Momwe nkhani imayendera mkati mwa sukulu

Sukulu iliyonse ili ndi ndondomeko yake, koma zambiri zimafanana. Poyamba wophunzira amalandira kalata yonena vuto lake ndi lamulo limene akuti waphwanya. Nkhani ya maphunziro imapita ku komiti yoona kapitidwe patsogolo ka ophunzira. Nkhani ya khalidwe imapita ku komiti ya mwambo, imene m'sukulu zina mumakhalanso ophunzira anzake. Komiti imamva nkhani, n'kupereka chigamulo kapena kulangiza mkulu wa sukulu, amene amatchedwa dean. Wophunzira akapanda kukhutira amachita apilo kwa dean kapena kwa komiti yomva apilo, ndipo m'mayunivesite ena nkhani imatha kukwera mpaka ku ofesi ya akuluakulu a yunivesite yonse.

Bwalo la komiti si khothi. Pa nkhani za khalidwe, sukulu zambiri zimangofuna umboni woonetsa kuti kuchitika kwa chinthucho n'kokhulupirika kuposa kusachitika kwake, mlingo wotsika poyerekeza ndi wa milandu ya upandu. Sukulu zina zimalola wophunzira kubwera ndi mlangizi kapena loya, koma kawirikawiri loyayo saloledwa kulankhula; amangomulangiza. Motero ntchito yaikulu ya loya imachitika tsiku la bwalo lisanafike, pokonza zikalata ndi mayankho.

Kukonzekera

Choyamba kufufuzidwa ndi tsiku lomaliza loyankhira kapena lochitira apilo. Nthawi yake imakhala yaifupi, mwina masiku owerengeka chabe, ndipo woidutsitsa amataya ufulu wake ngakhale mfundo zake zikhale zomveka. Chachiwiri ndi buku la malamulo a ophunzira: wophunzira amayerekeza zimene bukulo limalonjeza ndi zimene sukulu yachita. Ngati bukulo limati pakhale chenjezo lolembedwa kapena mwayi wobwereza munthu asanachotsedwe, ndipo izi sizinachitike, imeneyo ndi mfundo yolimba.

Lamulo la FERPA la mu 1974 limapatsa wophunzira ufulu woona zolembedwa za maphunziro ake, ndipo sukulu iyenera kumuonetsa pasanathe masiku 45 kuchokera pamene wapempha. Kuwonjezera apo, wophunzira amasonkhanitsa makalata a pa intaneti, malipoti a aphunzitsi a m'kiliniki ndi mayina a mboni. Apa pali msampha: mafayilo a odwala amatetezedwa ndi lamulo la HIPAA la mu 1996, ndipo wophunzira amene wawakopera yekha kuti akhale umboni amadziputira mlandu wina pamwamba pa woyamba. Zofunika za m'mafayilomo zimapemphedwa kudzera kwa akuluakulu a sukulu.

Ngati kulephera kunadza chifukwa cha ulumali kapena matenda, kuphatikizapo a maganizo, pali malamulo awiri omuteteza: Section 504 ya Rehabilitation Act ya mu 1973 ndi Americans with Disabilities Act ya mu 1990. Malamulowa amakakamiza sukulu kupereka thandizo loyenera, monga nthawi yowonjezera pa mayeso, koma saikakamiza kutsitsa mlingo wa luso lofunika. Thandizoli limayamba pamene lapemphedwa, ndipo nthawi zambiri silifafaniza zotsatira zakale. N'chifukwa chake wopempha msanga amakhala pabwino kuposa wotulutsa kalata ya dokotala atachotsedwa kale.

Mfundo za apilo

Apilo si kuzenganso nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Sukulu zambiri zimalandira apilo pa zifukwa zochepa: ndondomeko sinatsatidwe ndipo kulakwitsako kunakhudza chigamulo, papezeka umboni watsopano umene sukanapezeka kale, wina mwa oweruza anali ndi kukondera, kapena chilango chakula kuposa cholakwa. Kalata ya apilo imene imagwira mtima komiti imatchula chifukwa chimodzi mwa izi momveka, n'kuikapo umboni wake. Pa nkhani ya maphunziro, komiti imafuna kumva chimene chinasokoneza, chimene chasintha, ndi dongosolo la momwe wophunzirayo adzakwaniritsire zotsala. Kunyoza aphunzitsi sikuthandiza, ndipo kunama pamaso pa komiti kumasandutsa nkhani ya maphunziro kukhala ya khalidwe.

Mapeto a apilo sakhala awiri okha, kuchotsedwa kapena kubwezeretsedwa. Komiti ikhoza kulola wophunzira kubwereza chaka, kumuika pa chenjezo, kumuimitsa kwa kanthawi, kumupatsa tchuthi cha matenda, kapena kumulola kuti achoke yekha. Kuchoka yekha kumapepuza zolembedwa pa satifiketi ya zotsatira, koma kumatha kutseka njira ya apilo, ndipo mafomu ofunsira malo m'sukulu zina kapena chilolezo chogwirira ntchito amafunsabe za chilango chilichonse cha kusukulu.

Njira za kunja kwa sukulu

Wophunzira amene akuona kuti anasalidwa chifukwa cha mtundu, dziko lochokera, kukhala mwamuna kapena mkazi, kapena ulumali, akhoza kukadandaula ku ofesi ya boma yotchedwa Office for Civil Rights pasanathe masiku 180 kuchokera pamene nkhaniyo inachitika. CODA imalandira madandaulo onena kuti sukulu sikutsata malamulo ake, koma siweruza nkhani ya munthu mmodzi ndipo sibwezeretsa wophunzira pasukulu. Kukhothi kumapitika, makamaka njira za mkati zikatha, koma milandu imadya nthawi ndi ndalama.

Kuchotsedwa kumabweranso ndi zotsatira zina. Ngongole za maphunziro sizikhululukidwa, ndipo zambiri za boma zimayamba kubwezedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi munthu atasiya sukulu. Wophunzira wochokera kunja, wokhala ndi viza ya F-1, amataya chilolezo chake chokhalira m'dzikomo ngati wophunzira pamene sukulu yalemba m'kaundula wa boma wa SEVIS kuti yamuchotsa, choncho amayenera kuonana msanga ndi ofesi ya ophunzira akunja.

Popeza makhothi salowerera kawirikawiri pa zigamulo za aphunzitsi, nkhani zambiri zotere zimathera mkati mwa sukulu. Zimene wophunzira anapereka kwa komiti yoyamba, ndi zimene anapereka nthawi isanathe, ndizo zimene dean, yunivesite ndi khothi adzawerenge pambuyo pake.