Chifukwa Chake Dzino Lomatidwa Amalipaka Mafuta

Mawu Oyamba

Chaka chatha ndinaperekeza mayi anga kwa dokotala wa mano kwathu ku Ntcheu. Iwo anapita ndi maganizo okazula dzino monga mmene ambiri timachitira, koma dokotala anati dzinolo likhoza kupulumuka. Anapala mbali yowola, nathira phala loyera m'bowomo, kenaka nalitsendera ndi chala chovala gulovu chopakidwa Vaseline. Anawauzanso kuti asadye kanthu kwa ola limodzi. Tili m'njira mayi anandifunsa kuti, "Mwanawe, mafuta odzoza ana aja ndiye mankhwala a dzino?" M'nkhani ino ndifotokoza ntchito ya mafutawa.

Phala Lomatira

Phalali ndi simenti yotchedwa glass ionomer, yomwe Alan Wilson ndi Brian Kent a ku London anailengeza mu 1972. Amaipanga posakaniza ufa wa galasi, momwe muli calcium, aluminium ndi fluoride, ndi asidi wosungunulidwa m'madzi. Njira yomata dzino ndi simentiyi popanda makina oboolera anaiyamba ndi Jo Frencken ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, ndipo bungwe la WHO linayamba kuilimbikitsa mu 1994. Ndi njira yoyenera madera akumidzi chifukwa siilira magetsi.

Madzi Amamanga, Amagumulanso

Asidi akakhudza ufa uja amatulutsamo tinthu ta calcium ndi aluminium. Tinthuti timayenda m'madzi a m'phalamo ndi kulumikiza zonse kukhala chinthu cholimba. Calcium amagwira m'mphindi zochepa, pamene aluminium, yemwe amalimbitsa kwambiri, amatenga pafupifupi maola 24. Pa nthawi imeneyi simenti imakhala pangozi ziwiri.

Yoyamba ndi kuchuluka kwa madzi. Malovu akalowa msanga amakokolola tinthu tija tisanagwire ntchito, ndipo pamwamba pa simenti pamakhala poyera ngati choko, pofewa ndi posachedwa kuperepeseka. Yachiwiri ndi kuuma. Wodwala akayasamula nthawi yaitali, madzi a m'kati amauluka, simenti imakhwinyata ndi kuchita ming'alu.

Amene anaonapo mayi akuumba mbiya samvutika kumvetsa izi. Mbiya yaiwisi ikavumbwa ndi mvula imasungunuka, ikaikidwa padzuwa imang'aluka. N'chifukwa chake woumba amaivundikira ndi kuiumika pamthunzi. Chopaka pamwamba pa dzino ndicho chivundikiro chotere: chimatsekereza malovu kunja ndi kusunga chinyezi cha m'kati.

Mitundu ya Zopaka

Choyamba ndi Vaseline. Ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka paliponse, koma lilime ndi chakudya zimamupukuta msanga. Apa ndi pamene pagona lamulo losadya kwa ola limodzi lija. Chachiwiri ndi vanishi, yemwe amauma ndi kusiya kakhungu kopyapyala. Iye amakhalitsa kuposa Vaseline, ngakhale pouma amasiya timabowo tomwe madzi angadutsemo. Chachitatu ndi utomoni woumitsa ndi nyali yapadera. Uwu umatseka bwino koposa, koma umafuna nyaliyo komanso ndalama zambiri. Zopaka zolimba zilinso ndi vuto lake: zimachepetsa fluoride wotuluka m'simenti, yemwe amathandiza kuteteza dzino kuti lisawolenso.

Mawu Omaliza

Simenti ikagwa patangopita miyezi yochepa, mwini dzino amauza anzake kuti kumata n'kutaya nthawi, ndipo onse amabwerera ku chizolowezi chozula. Dziko la Malawi linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano a digiri mu 2019, ndipo n'kofunika kuti iwo ndi anzawo a m'zipatala za m'maboma azifotokozera odwala chifukwa cha malangizo awo. Mayi anga tsiku limenelo anakana chimanga chootcha chomwe ndinawagulira pa depoti, ngakhale anali ndi njala. Dzino lija akutafunira mpaka lero.