Kukalambira M'komboni: Malo Okhala ndi Umoyo wa Okalamba mu Mzinda wa Lusaka

1.0 Chiyambi

Pakati pa Achewa, Ansenga, Angoni ndi mitundu ina ya kum'mawa kwa Zambia, chikhulupiriro chakale nchakuti munthu akakalamba amayenera kukhala kwao. Mau akuti "kwao" satanthauza nyumba yokha ayi, koma mudzi umene uli ndi abale, munda, manda a makolo ndiponso bwalo pamene mau a wamkulu amamveka. Mwambi woti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto unabadwira m'mudzi wotere. Koma lero alipo okalamba ochuluka amene kwao ndi ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere kapena George. Anafika mu Lusaka ali anyamata ndi atsikana, anaberekera komweko, anaika ana ao komweko, ndipo kumudzi kulibenso munda kapena nyumba yowadikira.

M'nkhani ino tifotokoza m'mene malo okhala a m'makomboni amakhudzira umoyo wa anthu amenewa. Ganizo lathu nlakuti makomboni anamangidwa ndi anthu amphamvu, poganizira moyo wa anthu amphamvu, kotero kuti zovuta zimene wachinyamata amangozilumpha zimasanduka matenda pa thupi la nkhalamba. Tiyamba ndi mbiri ya maderawa, kenaka tiona za madzi ndi zimbudzi, za nyumba, za njira ndi chipatala, ndipo potsiriza za anthu amene wokalamba amakhala nao.

2.0 Mzinda umene sunayembekezere nkhalamba

Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia m'chaka cha 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone. Kwa atsamunda, munthu wakuda anali mlendo m'tauni: anabwera kudzagwira ntchito, ndipo ntchito ikatha kapena mphamvu zikachepa anayenera kubwerera kumudzi. Mau akuti komboni, ochokera ku mau a Chingerezi akuti compound, poyamba ankatanthauza malo amene bwana anapatula kuti antchito ake azigonapo. Maina monga George, John Howard ndi John Laing akutikumbutsabe eni malo ndi olemba ntchito a nthawi imeneyo. Matero, amene anamangidwa ndi khonsolo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, anali wa antchito ndi mabanja ao, osati wa anthu opuma pa ntchito.

Ufulu wa 1964 utachotsa ziletso za kayendedwe, anthu anakhamukira m'tauni. Mu 1963 mu Lusaka munali anthu pafupifupi 123,000. Pofika 1980 anali atapitirira 500,000. Ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka. Nyumba za khonsolo sizinakwanire, motero anthu anamanga okha pa mafamu akale ndi m'mphepete mwa maenje okumbamo miyala. Mtendere unatsegulidwa mu 1967 monga malo opimidwa pamene anthu ankamangapo okha. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza ena mwa makomboniwa, ndipo okhalamo anayamba kulandira chiphaso chokhalira pamalo kwa zaka 30. Kuyambira chaka chomwecho, ndi ngongole ya World Bank, madera monga George ndi Chawama anaikidwa mipopi ya pagulu ndi misewu ingapo; Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la Germany.

Tsono munthu amene anafika mu Lusaka mu 1970 ali ndi zaka 20 lero wapitirira zaka 70. Umenewu ndiwo mbadwo woyamba waukulu kukalambira m'komboni, ndipo palibe mapulani akale amene anauganizira.

3.0 Nthaka, madzi ndi chimbudzi

Mbali yaikulu ya kumadzulo ndi kumwera kwa Lusaka, kumene kuli Kanyama, Chawama ndi George, yakhala pa thanthwe la miyala ya laimu. Mwala umenewu uli ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri ndi pamwamba. Malowo ngathyathyathya, kotero mvula ikagwa madzi amasowa kolowera. Chigumula cha ku Kanyama cha 1978 chikukumbukikabe, ndipo m'zaka zambiri za mvula yochuluka madzi amalowa m'nyumba ndi kukhala m'mabwalo masabata angapo.

Zotsatira zake pa wokalamba zilipo zitatu. Choyamba ndi chimbudzi. Popeza thanthwe silikumbika ndiponso dzenje limafika msanga pa madzi, ambiri amamanga chimbudzi chokwera, cha masitepe, kawirikawiri opanda pogwira. Munthu wa nyamakazi ya m'maondo ayenera kukwera masitepewo, kenaka kunjuta ndi kudzukanso. Chimbudzi chimodzi chimagwiritsidwa ntchito ndi mabanja angapo a pa poloti imodzi, ndipo usiku chili kutali mumdima. Pamene abambo okalamba ambiri amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, ndiponso ena mwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amachulukitsa mkodzo, okalamba ena amangochepetsa kumwa madzi kuti asavutike. Kutero kumafooketsa impso, kumaumitsa m'mimba ndipo kumabweretsa chizungulire.

Chachiwiri ndi katungidwe ka madzi. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Mai wokalamba amene alibe mdzukulu womutungira ayenera kulipira wina, kapena kutunga pa chitsime chosaya cha pafupi. Koma zitsime zotere zimamwa madzi omwewo amene adutsa m'maenje a zimbudzi kudzera m'ming'alu ya thanthwe.

Chachitatu ndi kolera. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo Kanyama anali limodzi mwa madera okhudzidwa kwambiri. Wa 2023 mpaka 2024 unali woopsa koposa: m'dziko lonse odwala anapitirira 20,000, omwalira anaposa 700, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa chipatala. Kolera imapha pokhetsa madzi a m'thupi. Thupi la nkhalamba limasunga madzi ochepa, ludzu limachedwa kumveka, ndipo mtima ndi impso zimakhala zitatopa kale. Choncho maola amene wachinyamata angapirire podikira galimoto yopita kuchipatala, wokalamba sangawapirire.

4.0 Nyumba: pogona ndi chuma

Nyumba zambiri za m'komboni ndi za mabuloko a simenti ndi denga la malata lopanda siling'i. Lusaka ali pamalo okwera mamita oposa 1,200, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira zedi, pamene mu Okutobala chipinda cha malata chimatentha ngati ng'anjo. Thupi lokalamba limalephera kudziteteza ku zonse ziwiri. Pozizira, ambiri amalowetsa mbaula m'chipinda ndi kutseka chitseko. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo utsi wa zaka zambiri umaononga mapapo ndi maso. Chilala cha 2024, chimene chinaphwetsa madzi a ku Kariba ndi kuchititsa kuti magetsi azizima maola ambiri pa tsiku, chinabwezera ngakhale mabanja a magetsi ku makala ndi makandulo.

Komabe nyumba ya m'komboni si pogona pokha. Kwa anthu amene anagwira ntchito za maganyu, za m'nyumba za ena kapena za malonda a pamsika, ndipo alibe penshoni, nyumba ndiyo penshoni yao. Ofufuza awiri amene anatsata moyo wa maderawa kwa zaka zambiri, Ann Schlyter ku George ndi Karen Tranberg Hansen ku Mtendere, anaonetsa m'mene mabanja ankaonjezera zipinda pang'onopang'ono ndiponso kufunika kwa nyumba pa moyo wa amai. Wokalamba amene ali ndi zipinda za lendi ali ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndipo ana ndi adzukulu amakhala pakhomo pake, osati iye pakhomo pao. Kugulitsidwa kwa nyumba za khonsolo kwa okhalamo, kumene kunayamba mu 1996 pa ulamuliro wa Frederick Chiluba, kunapatsa anthu ambiri a ku Matero mwayi wotere.

Wokalamba wa lendi ali pa mpanipani wina. Mphamvu zikamachepa ndalama imachepanso, motero amasamukira ku chipinda chotsika mtengo, chimene nthawi zambiri chimakhala kumalo odikha madzi ndiponso kutali ndi anthu omudziwa. Nayenso mai wamasiye angataye nyumba pamene achibale a mwamuna alanda chuma, ngakhale lamulo la 1989 la chuma cha masiye limampatsa ufulu wokhalabe m'nyumbamo. Ndiponso mwini nyumba angapezeke atasunthidwira m'kachipinda ka kumbuyo kuti zipinda zabwino zipite pa lendi. Choncho funso lakuti nyumba ndi ya yani ndi funsonso la umoyo.

5.0 Njira ndi ulendo wa kuchipatala

Bungwe la WHO limanena kuti mwa anthu onse omwalira chifukwa cha kugwa, ochuluka ndi a zaka zopitirira 60. Njira za m'komboni ndi za miyala yosongoka, ngalande zosavundikira ndi matope. M'dzinja anthu amayenda podumpha pa miyala kapena njerwa zoikidwa m'madzi. Munthu wa ng'ala m'maso kapena woyenda ndi ndodo sangathe kutero. Akagwa nathyoka fupa la m'chiuno, nthawi zambiri sadzukanso bwino. Ena, poopa kugwa, amangokhala pakhomo nyengo yonse ya mvula, ndipo kusayendako kumafooketsa miyendo, kumakweza shuga ndi kuwalekanitsa ndi mpingo ndi anzao.

Pa nkhani ya zipatala pali zosintha zabwino. Mu 2012 boma linachotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za m'tauni, ndipo zipatala za ku Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama zinakulitsidwa ndi thandizo la Japan. Anthu a ku Mtendere ndi Kalingalinga ali pafupi ndi chipatala cha Levy Mwanawasa, chimene chinatsegulidwa mu 2011. Koma matenda a ukalamba, monga kuthamanga kwa magazi ndi shuga, satha ndi ulendo umodzi. Amafuna kupimidwa ndi kulandira mankhwala mwezi ndi mwezi. Kwa wodwala sitiroko amene nyumba yake ili mkati mwa tinjira tosalowa galimoto, mamita 500 oyamba ndiwo ovuta kuposa makilomita otsatira, ndipo si zachilendo kuona wodwala akukankhidwa pa wilibala kufikira kumsewu.

6.0 Anthu omuzungulira

Malo okhala si makoma okha. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 Edzi inapha ambiri mwa ana amene akanasamala makolo ao lero, ndipo agogo anatsala ndi adzukulu. Ntchito yolera inawathera mphamvu ndi chuma, ngakhale adzukulu omwewo ndiwo lero amatunga madzi ndi kuwaperekeza kuchipatala. Thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, limene linayambira ku Kalomo mu 2003, linafalikira m'dziko lonse ndipo limafikira ena mwa mabanja a okalamba. Ndondomeko ya boma ya za ukalamba inatuluka mu 2015. Malo osungirako osowa owasamala, monga Matero After Care Centre, ndi ochepa, ndipo kwa ambiri kupita kumeneko kumamveka ngati kutayidwa ndi abale.

Kuthithikana kwa m'komboni kuli ndi ubwino wake. Mnansi amazindikira msanga ngati chitseko cha ambuya sichinatsegulidwe m'mawa. Magulu a amai a mpingo, miphakati ya Akatolika ndi magulu a chilimba amayendera odwala ndi kuthandiza pa maliro. Wokalamba amene ali ndi kathebulo ka tomato ndi makala pakhomo amacheza ndi anthu tsiku lonse. Ichi nchifukwa chake kusamutsa nkhalamba kupita nayo ku nyumba yabwino ya mwana wake ku mayadi, kuseri kwa mpanda ndi geti, nthawi zina kumaidwalitsa ndi kusungulumwa.

Koma kuthithikana komweko kungamuukire. M'komboni mulibe bwalo la mfumu pamene ukalamba umapatsa munthu mpando, ndipo anansi ambiri ndi a lendi osadziwa mbiri yake. Chilankhulo chathu chilibe mau amodzi odziwika otchulira matenda a kuiwala a muukalamba. Mai wotere akapezeka usiku pakhomo pa eni, osadziwa dzina lake kapena kumene akuchokera, mau amene amafika msanga pakamwa pa anthu ndi akuti mfiti. Lamulo la za ufiti la m'Zambia limaletsa kutchula munthu mfiti, koma lamulo silifika msanga ngati gulu la anthu okwiya. Apa pali ntchito ya ife a zilankhulo: kupeza ndi kufalitsa mau omveka ofotokoza matendawa, kuti wodwala azitchedwa wodwala.

7.0 Mau omaliza

Taona kuti umoyo wa wokalamba wa m'komboni umadalira thanthwe la pansi pa nyumba yake, masitepe a chimbudzi, denga, chiphaso cha malo, njira ya kumsewu ndi mau amene anansi amamutchula nao. Ntchito zikuluzikulu zachitikapo, monga ya 2013 mpaka 2018 ya madola pafupifupi 355 miliyoni ochokera ku America, imene inakonza ngalande ya Bombay ndi kuika mapaipi a madzi ndi a zonyansa ku Mtendere. Ntchito zotere zimapindulira onse. Komabe zambiri zimene wokalamba akusowa ndi zazing'ono ndiponso zotsika mtengo: chogwirira pa masitepe, chimbudzi chokhalira m'malo mwa chonjuta, ngalande yovundikira, nyali panjira, windo lotulutsa utsi, ndi mlangizi wa zaumoyo wobwera pakhomo kudzapima magazi. Zimenezi zimaiwalika chifukwa pa misonkhano ya chitukuko okalamba safunsidwa, pamene ndiwo akudziwa kumene madzi ankadutsa nyumba zisanachuluke.

Anyamata ndi atsikana amene adzaza makomboni lero, ambiri mwa iwo obadwira momwemo, alibe mudzi wina wobwererako. Chimbudzi, njira ndi nyumba zimene zikumangidwa chaka chino ndizo zimene iwo adzagwiritse ntchito ali ndi zaka 70.