Dimba la pa Khomo ku Migodi, ndi Mlonda Wace

Abale athu ambiri ocokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke amene anakhazikika ku Kitwe ndi ku Ndola amadandaula cinthu cimodzi. Amati mbeu zimene zimakondwa kwao kum'mawa, ku Migodi zimakula monyozoloka, cinkana mvula ya kumeneko ndi yocuruka koposa ya kwao. Ena amaloza cala mbeu, ena amati feteleza wacepa. Koma kawiri-kawiri mlandu uli ndi dothi.

Kulima m'matauni amenewa si kwacilendo ai. M'zaka za m'ma 1930 makampani ena a migodi, monga ku Luanshya, anali kugawira anchito okwatira malo olimapo, ndipo akazi ndiwo anali kugwira khasu, amuna ali pansi pa mgodi. Pa nthawi imene migodi ya ZCCM inali kugulitsidwa, mpaka caka ca 2000, anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito, ndipo mabanja ambiri ku Wusakile ndi ku Chamboli anaona kuti kadimba ka kuseri kwa nyumba ndiko kanali kuwapatsa ndiwo, ndi kandarama ka mcere komwe.

DOTHI LOWAWASA

Mvula ya ku Migodi imapitirira mamilimita 1,000 pa caka. Madzi ocuruka otere polowa pansi amatsuka laimu wacibadwa wa m'nthaka, nasiya dothi lowawasa, limene ophunzira amati la asidi. M'dothi lotere mizu imafupika ndi kupinimbira, kotero kuti ngakhale muthire feteleza wa mtengo wapatali, mbeu sizikhoza kudya cakudya conse cimene mwazipatsa. Zizindikiro zace nzosabvuta kuziona: masamba a cimanga cacing'ono amafiirira, nyemba zimakana, ndipo nsawa zimabala makoko opanda kanthu m'kati. Mbatata ndi cinangwa zimapirira, ndico cifukwa cace kalembula, amene ife timati kholowa, sasowa pa khomo la ku Migodi.

Mankhwala ace ndi laimu wa m'munda, ndiye mwala woyera wopera, ndipo anthu a ku Ndola ali ndi mwai pakuti mwalawo umakumbidwa pafupi ndi mzinda wao womwe. Cenjerani pogula: funsani laimu wa ulimi, osati uja womangira nyumba amene amaocha. Wazani manja awiri odzaza, ngati magalamu 200, pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, ndipo tembenuzani ndi khasu patatsala mwezi wathunthu kuti muoke mbande. Wosowa ndarama asataye phulusa la m'mbaula, pakuti nalonso limaziziritsa dothi, bola likhale la makala kapena nkhuni zokha, lopanda mapulasitiki. Laimu kapena phulusa musathire tsiku limodzi ndi zitosi za nkhuku kapena feteleza wa yuriya, cifukwa mphamvu ya manyowawo imauluka ngati mpweya.

Palinso cuma cina cimene ambiri amangocipenya ngati copinga: zulu zikulu-zikulu zija za ku Migodi, zina zazitali kuposa nyumba. Ciswe cimatulutsa dothi la pansi peni-peni, lomata, losawawasa kwambiri. Oumba njerwa analidziwa kale. Mlimi naye akaphwanya dothili ndi kulisakaniza ndi manyowa oolerana pa bedi la mcenga, repu wace adzasunga cinyontho masiku ambiri.

Koma laimu sacotsa zonse. Amene muli pafupi ndi ng'anjo zosungunulira mkuwa kapena milu ya zotsalira za mgodi, monga anzathu a ku Kankoyo ku Mufulira amene utsi wa senta unaocha nthaka yao zaka zambiri, ndi bwino kudzala m'matumba kapena m'zidebe, ndi dothi lotengedwa kutali. Madzinso muwasamale. Mu February 2025 damu la zonyansa za mgodi linagumuka ku Chambishi, asidi natsikira mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu za m'mbali mwa mtsinje zinapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Madzi a mu ngalande imene simudziwa gwero lace asafike pa ndiwo zodya ana anu. Madzi otsukuluzira mbale ndi osambira, ngati sopo sanacuruke, nkwabwino kuthira pa nthoci ndi pa mapapaya.

MLENDO WA MIYENDO INAI

Pamene pali dzala la manyowa, khola la nkhuku ndi thumba la cimanga, makoswe sacedwa kufika, ndipo pambuyo pao tsiku lina mumamva kamwana ka mphaka kakulira mu mpanda. Alipo ena amene amakapitikitsa ndi miyala, amati mphaka wobwera yekha watumidwa ndi mfiti. Ife tikuti wamtuma ndi njala, ndipo mlimi wanzeru amamlemba nchito, pakuti mankhwala ophera makoswe amaphanso nkhuku ndi agaru, ndipo ana aang'ono amatola ciri conse.

Musafulumire kukanyamula. Dikirani maora angapo muli patali, kapena mai wace wangopita kukasaka. Kamwana kosakwana milungu inai sikatha kudya cakudya colimba ndipo kamafa msanga ndi mphepo, makamaka mu June ndi July, tsono kasowa bokosi ndi nsanza zofunda. Mkaka wa ng'ombe, umene ambiri amathamangira, umakatsegula m'mimba. Kakayamba kudya, kasinjireni kapenta wobviika kuti mcere ucoke, kapena dzira lophika. Nsima yokha siikwanira, popeza mphaka ndi nyama yodya nyama inzace. Ndipo mau aja akuti mphaka wokhuta sagwira khoswe ndi abodza; wanjala amacoka kukafuna khomo lina, kapena amayamba ndi anapiye anu.

Akakwana miyezi itatu, pitani naye kwa dokotala wa ziweto wa boma akalandire katemera wa ciwewe. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wosadziwika, atsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti ciwewe cikaonekera m'thupi sicicizika.

Bvuto lace mlondayu ndi lakuti amayesa bedi lofewa la nazale ndi cimbudzi cace. Yalani timitengo ta minga pa bedilo, ndipo mumuikire mcenga pa kona ina ya mpanda. Zonyansa zace zisalowe m'dzala la manyowa, ndipo mai wodwala pakati asazigwire konse, cifukwa ziri ndi tizirombo timene tikhoza kupweteka mwana wosabadwa. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi isanu yokha, nabala pakapita miyezi iwiri, kawiri kapena katatu pa caka. Cotero pa ulendo womwewo wa katemera, funsani dokotala tsiku limene angamtseke kuti asabale.