KOMPYUTA IKAKANA INTANETI MUSATHAMANGILE KUIFUFUTA

Mvula ya mabingu ikapita kuno ku Mkaika timawelenga ng'ombe ndi mitengo imene mphenzi yakantha. Masiku ano tiziwelengakonso makompyuta a m'maofesi a maparishi, masukulu ndi makopaletivi.

Pa parishi yathu zinacitika m'dzinja lapitali. Kompyuta ya pa tebulo inagona pulagi ili kucipupa, usiku kunagwa cimvula. M'mawa inayaka bwino-bwino, makalata onse alimo, koma intaneti inakana. M'kati mwake munali maina a obatizidwa, a maukwati, ndiponso mndandanda wa alimi olembetsa feteleza wa FISP. Mnyamata wina wodziwa-dziwa anafika nati mankhwala ake ndi kuifomata. Mwamwayi Bambo Mfumu anakana.

Abale anga, kufomata ndi kufufuta zonse. Ngati cimene capsa ndi kacitsulo ka m'kati, mungafufute kakhumi, intaneti siidzabwela, koma maina a akhristu adzapita.

Yambani ndi cinthu cosalila ndalama. Tengani foni, muilumikize ku Wi-Fi yomweyo imene kompyuta imagwilitsila nchito. Foni nayonso ikakana, vuto lili pa rauta kapena MiFi, mwinanso bandulo yatha cabe. Kaya muli pa Airtel, MTN kapena Zamtel, onani zotsala musanaimbe mlandu makina. Kumbukilaninso kuti intaneti yocedwa si yowonongeka. Pa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akadzaza pa likulu la Kalonga Gawa Undi, mafoni amaculukila netiweki ndipo imayenda monga kamba.

Foni ikagwila koma kompyuta ayi, yang'anani kumbuyo kwa bokosi. Makompyuta a pa tebulo amene ali ndi khadi ya Wi-Fi m'kati amakhala ndi tinyanga tiwili tomangila ngati mabauti. Bokosi likagwa, kapena likanyamulidwa pa njinga kupita kumsonkhano, kanyanga kamamasuka kapena kuthyoka. Apo kompyuta imaona netiweki pokhapokha rauta ili pafupi kwambili. Mangani bwino ndi zala, osati ndi pulayala.

Tsopano tsegulani Device Manager, mupite pa Network adapters. Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Mukaona dzina lokhala ndi mau akuti Wireless kapena Wi-Fi, ndipo pambali pake pali kacizindikilo kacikasu, khadi ikali ndi moyo mwina. Cofunika ndi kuikanso pulogalamu yake yochedwa driver. Koma dzinalo likasoweka konse, khadi yasunthika pamalo pake kapena yapsa. Amene ali ndi manja odziwa azimitse makina, azule pulagi, atsegule bokosi ndi kuikhazika bwino khadiyo. Mukamva fungo la kupsa kapena kuona pakuda, ilekeni, yafa.

Yathu inali itafa. Komabe tsiku lomwelo kalata ya ku dayosizi inapita. Mlembi analumikiza foni yake ya Android ku kompyuta ndi kanthambo kochajila, nayatsa USB tethering mu Settings. Kompyuta ya Windows 10 kapena 11 imailandila yokha. Koma cenjelani, Windows ikaona intaneti imayamba kudzikokela ma update, bandulo ya mwini foni nkutha asanadziwe. Ikani pa Metered connection.

Mankhwala okhalitsa ndi ka USB Wi-Fi adapter, kakang'ono ngati fulashi, kamene mumangosomeka. Funsani m'masitolo a mafoni pa Katete boma kapena ku Chipata, ndipo mulembe papepala mtundu wa Windows yanu musanakwele basi. Bowo limodzi la USB likakana, yesani lina la kumbuyo, cifukwa mphenzi nthawi zina imapha ena nkusiya ena.

Si mphenzi yokha imene imaocha. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambili, ndipo makina osiidwa pa pulagi anali pa ngozi nthawi iliyonse akabwela. Surge protector kapena UPS imathandiza pa zotele, koma mphenzi yakantha pafupi siingaiimitse. Ife tsopano womaliza kutuluka mu ofesi amazula pulagi ya kompyuta ndi ya rauta, ndipo maina onse tinawakopela pa mafulashi awili. Imodzi imagona kunyumba ya ansembe, ina kwa wakumpando wa kopaletivi.