Umbava wa ku Finland udabala loko wa makompyuta

M'chaka cha 1995, mbava zidalowerera makompyuta a pasukulu ya ukachenjede ya Helsinki University of Technology ku Finland n'kumatola mawu achinsinsi a anthu. Sizidakhetse thukuta. Masiku amenewo munthu akamalowa m'kompyuta yakutali kudzera pa Telnet, kapena kutumiza mafayilo pa FTP, mawu ake achinsinsi ankayenda poyera ngati kalata yopanda envelopu.

Tatu Ylönen, yemwe ankachita kafukufuku pasukulupo, adalemba pulogalamu yotchedwa SSH. Iyo imasokoneza zonse zodutsa pakati pa makompyuta awiri, moti wozitola panjira amangoona zilembo zopanda mutu. Adaigawa ulere mu Julaye chaka chomwecho, ndipo lero ndilo khomo lomwe akatswiri amalowera m'makompyuta akuluakulu otchedwa seva.

Mphamvu yake yagona pa makiyi awiri. Mmodzi amaikidwa pa seva ngati loko, mnzake amatsala ndi mwiniwake ndipo satumizidwa kulikonse. Akatswiri osamala amatsekeratu njira ya mawu achinsinsi, n'kuletsanso kulowa mwachindunji ndi dzina loti root, lomwe lili ndi ulamuliro wonse pamakinawo. Chomvetsa chisoni n'choti ena amaiwala kuchotsa makiyi a antchito omwe adachoka kalekale.

Koma mbava sizigona. Mu Malichi 2024, Andres Freund wa kukampani ya Microsoft adadabwa kuona SSH ikuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza adapeza kakhomo kobisika komwe wina adakazembetsa m'pulogalamu ina, ya XZ Utils. Kadatsekedwa kasadafike patali.