Mseu wa ku Dar es Salaam: Zimene Mlendo Ayenera Kuona

Madzulo ano tikambirane za ulendo wa pa galimoto wa ku Tanzania, kucokera ku malire kufikira ku nyanja ya mcere. Anthu athu ambiri amayenda mseu umenewu, ena kukatenga galimoto ku doko la Dar es Salaam, ena kukagula katundu wa malonda. Koma ocuruka a iwo amathamanga usana ndi usiku, ndipo pobwera akafunsidwa zimene anaona, amangochula mitengo ya katundu ndi mabvuto a pa cipata. Cimeneci n'comvetsa cisoni, pakuti ulendo wotere umadya ndalama zambiri, ndipo mwina munthu sadzauyendanso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu woonjeza masiku awiri okha pa ulendo wace adzabwera ndi nkhani zouza ana ace, ndiponso adzapewa ngozi zimene zimagwera oyendetsa galimoto ali ndi tulo m'maso.

Tiyambe ndi mbiri ya mseuwo. Pamene boma la Ian Smith linadzichula lodziimira palokha m'caka ca 1965, dziko la Zambia linafuna njira yina yotumizira mkuwa wace ku nyanja, yosadzera kumwera. Cifukwa cace mseu wakale wa matope ndi pfumbi unaikidwa phula, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi cithandizo ca dziko la China nimalizika mu 1975. Odzera ku Zambia amalowa pa cipata ca Nakonde ndi Tunduma. Odzera ku Malawi amaoloka mtsinje wa Songwe, kumpoto kwa Karonga, nalowa pa Kasumulu. Njira ziwirizi zimakomana pa Uyole, pafupi ndi mzinda wa Mbeya. Kucokera pa Tunduma kukafika ku Dar es Salaam pali makilomita oposa 900.

Mukangoloka malire, yambani mwakonza wochi yanu, pakuti nthawi ya ku Tanzania iri patsogolo ndi ora limodzi. Dziwaninso kuti m'Ciswahili maora amawerengedwa kuyambira m'mawa dzuwa likaturuka. Munthu akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa, ndipo basi yocoka "saa kumi na mbili asubuhi" imacoka 6 koloko. Funsani kawiri, pakuti safunsa anadya phula. Musanyamule matumba a pulasitiki, cifukwa analetsedwa m'dzikomo kuyambira mu 2019. Galimoto zimayenda kumanzere monga kwathu, koma podutsa m'midzi liwiro lisapitirire makilomita 50 pa ora, ndipo apolisi a pa mseu amaliyang'anira ndithu.

Cinthu cina coposa zonsezi ndico moni. Anthu a kumeneko samuyankha mokondwa munthu wofunsa njira asanapereke moni. Kwa wamkulu muziti "Shikamoo", iye adzayankha "Marahaba". Kwa mnzanu muziti "Habari", ndipo poyamika "Asante". Pofika pa khomo amati "Hodi", mau amene ali pafupi ndi "Odi" wathu. Mau ocepa awa amatsegula mitima, ndipo amene mwampatsa moni ndiye adzakuuzani kumene kuli cakudya cabwino ndi malo ogona osadula.

Tsono tiyeni tiyende. Wodzera ku Songwe amayamba ndi cigwa ca Kyela, kumene kumacokera mpunga wonunkhira, kenaka amakwera ku Tukuyu, m'munsi mwa phiri la Rungwe, pakati pa minda ya tiyi ndi nthoci. Eni dziko kumeneko ndi Anyakyusa, abale a Angonde a ku Karonga, ndipo zinenero zao zimamvana. Wodzera ku Tunduma apatuke pang'ono ku Mbozi akaone cimwala cacitsulo cimene cinagwa kucokera kumwamba kale lomwe. Eni ace amacicha Kimondo. M'litali mwace ndi mamita 3, ndipo ndi cimodzi mwa zazikuru za mtundu wotere pa dziko lonse lapansi.

Kupyola Mbeya mseu umakwera ku Makambako, malo a mphepo ndi cisanu, kotero musaiwale cobvala cofunda. Mukadutsa nkhalango za paini za ku Mafinga mudzafika pa Isimila, makilomita ngati 20 musanalowe mu Iringa. Pamenepo madzi anakokolola nthaka nasiya mizati yaitali ya dothi ndi miyala, ndiponso anabvundukula nkhwangwa zamwala zimene anthu akale anasema asanadziwe citsulo. Aphunzitsi amene mumaphunzitsa ana za nyengo ya zida zamwala, pano mudzaziona ndi maso anu.

Gonani ku Iringa, ndipo m'mawa mwace pitani ku Kalenga, mudzi wa Mkwawa, mfumu ya Ahehe. Mu 1891 ankhondo ace anagonjetsa asilikari a Ajeremani otsogozedwa ndi Emil von Zelewski pa Lugalo. Ajeremani anabweranso nagumula linga la Kalenga mu 1894, koma mfumuyo inalimbana nao m'chire zaka zinai, ndipo mu 1898 inadziombera yokha kukana kugwidwa. Mutu wace anapita nao ku Germany. Pangano la Versailles la mu 1919 linalamula kuti cibadeco cibwezedwe, koma cinabwera mu 1954, Bwanamkubwa Edward Twining atakacipeza ku Bremen. Ciri m'nyumba ya cikumbutso ku Kalenga. Lowanimo mwaulemu monga mumacitira pa manda a mafumu kwathu.

Kucoka ku Iringa mseu umatsika phiri la Kitonga, lokhotakhota ndi lotsetsereka. Pano oyendetsa acenjere: tsikani ndi giya yaing'ono, musadalire mabuleki okha, ndipo musapitirire malori pa ngodya. Pansi pace pali cigwa ca mtsinje wa Ruaha, codzala ndi milambe yosawerengeka, ndipo m'mbali mwa mseu amai amagulitsa anyezi ndi tomato. Imani mudye. "Ugali" ndi nsima yathu yomwe, koma yolimbako. "Nyama choma" ndi nyama yoocha. Ndipo "chipsi mayai" ndi mbatata yacizungu yokazinga pamodzi ndi mazira. Sambani m'manja ndi kudya ndi dzanja lamanja, ndipo sankhani cakudya cotentha, cophikidwa mukuona.

Patsogolo pace mseu umadutsa pakati pa nkhalango ya zinyama ya Mikumi, yokhazikitsidwa mu 1964, mtunda wa makilomita ngati 50. Muli m'galimoto momwemo mungathe kuona nyamalikiti, mbidzi, njati, anyani, ndipo mwina njobvu. Konzani ulendo wanu kuti mudutsepo masana. Musaturuke m'galimoto, musaponyere anyani cakudya, ndipo muyende pang'ono, pakuti wogunda nyama amalipira dipo lalikuru. Kenaka mudzaona mapiri a Uluguru pamwamba pa mzinda wa Morogoro, ndi minda ya khonje yandanda m'mizere.

Dar es Salaam ndiwo mzinda waukuru ndi doko, ngakhale likulu la dziko liri ku Dodoma. Amalonda athu onse amaudziwa msika wa Kariakoo, koma ndi ocepa amene amadziwa ciyambi ca dzinalo. Linacokera ku mau akuti Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikari pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amene anali ndi msasa pamenepo. Makolo athu ambiri anagwira nchito yowawa yomweyo pa nkhondo imeneyo, ndipo kwathu ankachedwa amtengatenga.

Musabwerere musanaone Bagamoyo, makilomita ngati 70 kumpoto kwa mzindawo. Kale pamenepa ndipo pankathera maulendo a minyanga ya njobvu ndi akapolo ocokera ku Ujiji ndi Tabora, monga momwe ogwidwa a ku Nkhotakota ankathera ku Kilwa. Pafupi pace, pa Kaole, pali mabwinja a mizikiti ndi manda a zaka mazana ambiri. Palinso misyoni ya Akatolika yoyambidwa mu 1868, imene iri ndi nkhani yotikhudza. David Livingstone atamwalira m'mudzi wa mfumu Chitambo mu May 1873, anyamata ace, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wace pansi pa mtengo, nanyamula mtembo miyezi 9 kufikira ku Bagamoyo mu February 1874, ndipo unagona pa misyoniyo usanaoloke kunka ku Zanzibar. Chuma anali Myao, amene anaomboledwa m'manja mwa ogula akapolo m'mapiri a Shire mu 1861 akali mwana. Mtunda umene inu mwauyenda masiku ocepa muli cikhalire, iwo anauyenda ndi mapazi, katundu ali pa mapewa.

Ku mbali ya nyanja kuli Asilamu ambiri. Bvalani modzilemekeza, bvulani nsapato ngati akulolani kulowa mu mzikiti, ndipo musajambule munthu musanampemphe. M'malo a cikumbutso mumalipitsidwa kangacepe pa khomo, cotero sungani masilingi a ku Tanzania m'thumba. Kumbukiraninso kuti mlendo amanyamula dzina la dziko lace: mukacita mwano, adzati a ku dziko lakuti ngamwano, ndipo wobwera pambuyo panu ndiye adzabvutika nalo dzinalo.

Tsono amene mulikukonza ulendowu, werengani masiku anai kucokera pa malire m'malo mwa awiri, muziyenda masana okha, ndipo tengani kabuku kolembamo zimene mwaona. Tsalani bwino, ndipo oyenda muyende bwino.