Symphony ya ku Vienna yafika ku Misuku pa memori khadi

Mu Malichi 2027 padzakwana zaka 200 chimwalirireni katswiri wina wa nyimbo wa ku Germany amene anapeka nyimbo zazitali 9 zotchedwa symphony, yomalizayo makutu atagontha kale. Ku Chitipa kulibe gulu la vayolini loti lingayimbe nyimbo zimenezi, koma zojambulidwa zake zafika, ndipo pa tchalitchi china ku Misuku zayambitsa mkangano.

Kumeneko mphunzitsi wa kwaya, mlimi wa khofi, amaika foni m'mbale yadothi kuti mawu akule, n'kuuza oyimba ake akhale chete. Amawatsegulira gawo lomaliza la symphony ya nambala 9, yomwe inayimbidwa koyamba ku Vienna mu 1824. Nyimbo yonse imapitirira ola, ndipo kwaya imalowa kumapeto kokha. Iye amaimitsa pamene zoyimbira za mawu aakulu zayamba chapansipansi, n'kufunsa anyamata a besi ngati amva kuti mphamvu sichifuwa chokha ayi. Akabwereza, amayi a sopurano amatsatira ndi zala pamabondo, ena akung'ung'udza do re mi. Mawu a Chijeremani palibe akuwamva, koma aliyense amadziwa pamene mawu anayi akumana.

Akuluakulu ena ampingo sakondwa nazo. Amati boma lolankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chinyiha lili ndi nyimbo zake zokwanira, ndipo ana amene sadziwa sendemule asamataye nthawi ndi za azungu. Nkhawayi ndi yomveka, koma yaloza mdani wolakwika. Chimene chikufooketsa makwaya lero ndi kiyibodi yoyimba yokha: munthu angodina batani, ng'oma zabodza n'kuyamba, oyimba n'kumakuwa kuti amveke. Alito ndi tena zimasowa, khutu limachita ulesi. Symphony imafuna zosiyana ndi zimenezi, chifukwa imakakamiza womvera kulondola mawu angapo nthawi imodzi, luso lomwelo limene agogo amagwiritsa ntchito polandizana nyimbo pamaliro. Ndiponso kubwereka sikwachilendo kumpoto kuno. Mapenenga anachokera ku magulu a malipenga a asilikali achitsamunda, ndipo lero palibe amati ndi gule wa azungu.

Otsutsa ali ndi mfundo ina yolimba: kasipika ka foni kamadya mawu apansi, motero oyimba amangomva chigoba cha nyimboyo. Izi n'zoona, ndipo mbale yadothi siyithetsa vutoli. Komabe mpingo umene unasonkha ndalama za kiyibodi sungalephere kugula sipika yabwino imodzi.

Anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi pa boma la Chitipa ambiri sadziwa kuti nyimbozi aziike m'gulu liti. Ena amangoziponya pamodzi ndi nyimbo zauzimu, ndipo n'kumeneko aphunzitsi a kwaya amakazipeza.